Mabuku Obiriwira a M'zaka za M'ma 1800 ndi Poizoni Amene Ali pa Zikuto Zake

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndinamva kuti malaibulale ena ku Ulaya achotsa m'mashelefu mabuku akale a zikuto zobiriwira, ati ali ndi poizoni. Ndinamvanso kuti poizoni yemweyo anali m'mapepala omata pakhoma ndipo ndi amene anapha Napoleon. Ineyo ndili ndi mabuku angapo akale kwambiri, awiri mwa iwo ndi obiriwira. Ofufuza amadziwa bwanji zimene zili mu utoto wa zaka zoposa 150 zapitazo? Nanga zimene zinkachitikira anthu a nthawi imeneyo amazidziwa bwanji, poti palibe amene analipo? Mabuku angawa ndiwataye?"

Musawataye ayi. Pakadali pano aikeni padera, ndipo mukawagwira muzisamba m'manja. Za kasungidwe kake ndifika nazo.

Nkhani ya malaibulale ndi yoona. Mu 2024 yunivesite ya Bielefeld ku Germany inasiya kaye kubwereketsa mabuku pafupifupi 60,000 a m'zaka za m'ma 1800 podikira kuti apimidwe, ndipo chaka chomwecho laibulale yaikulu ya dziko la France inachotsa mabuku anayi. Nkhani ya Napoleon, amene anali mfumu ya ku France, ndiye ili ndi mbali ziwiri, ina yoona, ina imene umboni unaikana.

Poizoni amene mukunenayu ndi aseniki. Kale anthu ankavutika kupeza utoto wobiriwira wabwino. Wochokera ku zomera unkazilala msanga, wina unkada ukakhalitsa, ndipo wopera kuchokera ku miyala unali wodula. Mu 1775 katswiri wa makemikolo wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, anaphatikiza mkuwa ndi aseniki n'kupeza utoto wobiriwira wowala bwino, wosavuta kupanga. Cha mu 1814, mumzinda wa Schweinfurt ku Germany, anayamba kupanga wina wowala kuposa pamenepo, umene unadziwika ndi mayina angapo, monga emerald green ndi Paris green. Mukauyeza utoto umenewu pasikelo, magawo oposa 40 pa 100 alionse ndi aseniki. Ndipo aseniki sankasowa. Ankatsalira m'ng'anjo zosungunulira miyala ya mkuwa ndi ya tini ku Cornwall ndi ku Devon, ku England, choncho ankagulitsidwa motchipa. Mapeto ake utotowu unalowa paliponse: m'mapepala okongoletsera makoma, m'madiresi, m'maluwa opanga ovala kumutu, m'zidole za ana, m'makandulo, ngakhale m'mapepala okulungira maswiti. Kuyambira cha mu 1867 alimi a ku America ankauwaza m'minda ya mbatatesi pophera tizilombo, utoto womwewo umene ena ankamata kuchipinda chogona.

Mabuku anakodwa mu nkhaniyi chifukwa cha kusintha kwa ntchito yosindikiza. Kufikira cha m'ma 1820 buku lolimba linkakutidwa ndi chikopa. Osindikiza atayamba kukuta mabuku ndi nsalu ya thonje, anafunika kuilimbitsa kuti guluu asalowerere, ndiye ankaipaka sitachi wosakaniza ndi utoto. Mfundo yofunika pa mabuku anuwo ili apa. Utotowu sunalowe m'kati mwa ulusi ngati dayi. Ndi timibulu touma tongokhala pamwamba pa nsalu, ndipo sitachi akakalamba timanyenyeka n'kutsalira pazala. Mabuku ambiri a mtunduwu anasindikizidwa pakati pa zaka za m'ma 1840 ndi 1860, ku Britain ndi ku America makamaka.

Tsopano tibwere pa kapimidwe kake. Chida chimene timayambira nacho ndi makina a XRF. Alipo ang'onoang'ono ogwira m'manja. Mumawalozetsa pa chikuto, amawombera X-ray pa kachigawo kakang'ono, ndipo buku silidulidwa kapena kupalidwa. X-ray ikagunda atomu imachotsa elekitironi imodzi ya m'kati, ina ya kunja imatsikira pamalo otsalawo, ndipo potsikapo imatulutsa mphamvu ya muyezo wake wokhazikika. Mtundu uliwonse wa atomu uli ndi muyezo wakewake, monga mmene mumazindikirira mawu a m'bale wanu mumdima osamuona nkhope. Makina amamva miyezoyo n'kukuuzani kuti pano pali mkuwa, pali chitsulo, pali aseniki. Zaka 150 sizisintha kanthu pamenepa, chifukwa atomu ya aseniki siiola. Utoto ukhoza kuzilala, nsalu n'kung'ambika, koma aseniki amene anapakidwapo mu 1855 adakalipo.

Komatu makinawa amasocheretsa munthu wofulumira. Chizindikiro chachikulu cha aseniki chimaonekera pa 10.5 keV (muyezo wa mphamvu ija), ndipo china cha mtovu chimaonekera pamalo omwewo. Wodziwa ntchito amayang'ananso chizindikiro chachiwiri, chimene kwa aseniki chili pa 11.7 pomwe kwa mtovu chili pa 12.6. Kusamala kumeneku si kongokometsera. Mabuku ambiri obiriwira a nthawi imeneyo alibe aseniki n'komwe. Mtundu wawo unapangidwa posakaniza utoto wachikasu wa chrome yellow, umene uli ndi mtovu, ndi wa buluu wotchedwa Prussian blue. Munthu wongoyang'ana chizindikiro choyamba akhoza kulengeza kuti shelefu yonse ili ndi aseniki, pomwe muli mtovu. Mtovunso ndi woipa m'thupi, koma kuopsa kwake ndi kasamalidwe kake n'zosiyana.

Vuto lina ndi lakuti XRF imatchula mitundu ya maatomu basi, siinena kuti agwirana bwanji. Aseniki amapezeka mu utoto wa mitundu ingapo. Kuti tidziwe weniweniwo timagwiritsa ntchito njira ya Raman, yotchedwa dzina la wasayansi wa ku India, C. V. Raman, amene anatulukira maziko ake mu 1928. Kuwala kwa laser kumaunika kambulu kamodzi ka utoto, ndipo kuwala kobwerera kumakhala kutasintha pang'ono malinga ndi mmene maatomu amangirirana. Zotsatira zake timaziyerekeza ndi za utoto umene tikuudziwa kale.

Umu ndi mmene zinayendera ku Winterthur, nyumba yosungiramo zinthu zakale m'chigawo cha Delaware ku America. Mu 2019 katswiri wokonza mabuku, Melissa Tedone, ankaona chikuto chobiriwira pa maikulosikopu ndipo anadabwa ndi mmene utoto wake unkanyenyekera. Wasayansi mnzake, Rosie Grayburn, atapima ndi XRF anapeza mkuwa ndi aseniki, ndipo Raman inatsimikizira kuti ndi emerald green. Kuchokera pamenepo anayambitsa Poison Book Project, imene ikusonkhanitsa mndandanda wa mabuku otsimikizika, ndipo afika kale mazana angapo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha ku Denmark. Mu 2018 ofufuza a pa University of Southern Denmark ankafuna kuwerenga zidutswa za zolemba pamanja zakale zimene omanga mabuku a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 anazigwiritsa ntchito ngati zikuto. Malembawo anaphimbidwa ndi utoto wobiriwira wokhuthala. XRF itaonetsa aseniki, ganizo loyamba linali lakuti wina wa m'zaka za m'ma 1800 anapakapo Paris green pothamangitsa tizilombo todya mapepala. Linali ganizo lomveka, ndipo nyuzipepala zambiri zinalifalitsa. Atapimanso ndi njira zina, anapeza kuti utotowo unali orpiment, mwala wachikasu wa aseniki ndi sufule, wosakaniza ndi utoto wa buluu wotchedwa indigo, ndipo unapakidwa pa nthawi imene mabukuwo ankamangidwa. Makina oyamba sananame, aseniki analipodi. Chimene chinalakwika ndi nkhani imene anthu anaimanga pamwamba pa yankho la makinawo.

Funso lanu lachiwiri, la moyo wa anthuwo, makina paokha sangaliyankhe. Amatiuza zimene zili pa nsalu, koma satiuza amene anaipaka utoto, maola amene ankagwira ntchito, kapena mmene zala zake zinkaonekera madzulo. Zimenezo timazipeza m'zolembedwa: malipoti a bwalo lofufuza za imfa, magazini a madokotala, mabuku a maakaunti a mafakitale, makalata, zotsatsa malonda. Mwayi wathu ndi wakuti anthu a m'zaka zimenezo nawonso ankadziwa kupima aseniki. Mu 1836 James Marsh anatulukira njira yosandutsa aseniki kukhala mpweya pogwiritsa ntchito zinki ndi asidi, kenako n'kuuyatsa kuti usiye banga lakuda lonyezimira pa mbale yoyera. Ndiye dokotala wa mu 1860 akalemba kuti anapeza aseniki m'chiwindi cha womwalira, sankangoganizira.

Mu November 1861 ku London kunamwalira mtsikana wa zaka 19, Matilda Scheurer. Ntchito yake inali yowaza ufa wobiriwira pa masamba a maluwa opanga. Ankaupuma tsiku lonse, ndipo ankadya ndi manja omwewo. Malipoti a nthawiyo akuti ankasanza zobiriwira, ndipo thupi lake litapimidwa aseniki anapezeka m'mimba, m'chiwindi ndi m'mapapo. Imfa yake inadzutsa phokoso m'nyuzipepala, ndipo katswiri wotchuka August Wilhelm Hofmann atapima zovala kumutu za maluwa oterowo ananena kuti chimodzi chokha chinali ndi poizoni wokwanira kupha anthu ambiri. Ofufuza a masiku ano akapima madiresi ndi maluwa otsala m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amapeza aseniki yemweyo. Pamenepa lipoti la mu 1861 ndi makina a lero zikugwirizana, ndipo mboni ziwiri zosadziwana zikanena chimodzi timakhala ndi chifukwa chokhulupirira.

Ku America kuli mboni ina yachilendo. Mu 1874 Robert Kedzie, mphunzitsi wa sayansi ya makemikolo amenenso anali m'bungwe loona za umoyo m'chigawo cha Michigan, anatopa ndi kuchenjeza anthu ndi mawu okha. Anasonkhanitsa mitundu 86 ya mapepala omata pakhoma okhala ndi aseniki kuchokera m'masitolo a m'chigawocho, n'kuisoka kukhala buku lotchedwa Shadows from the Walls of Death. Anapanga mabuku 100 n'kuwatumiza m'malaibulale. Ambiri anadzawonongedwa chifukwa choopa poizoni wake, moti atsala owerengeka chabe. Ndimamva chisoni ndikaganiza zimenezo, ndipo n'chifukwa china chimene ndakuuzirani kuti musataye anuwo. Buku lililonse la Kedzie linali umboni wa zimene munthu wamba ankagula m'sitolo chaka chimenecho, wosankhidwa ndi munthu wodziwa zimene akuchita.

Nthawi zina chinthu chotsala chimatsutsa mwini wake. William Morris, mmisiri wotchuka wa mapepala okongoletsera makoma ku England, anakulira m'banja limene chuma chake chinachokera ku mgodi wa Devon Great Consols, umene unadzakhala umodzi mwa migodi yaikulu ya aseniki padziko lonse. Iye mwini anakhalapo m'gulu la oyendetsa mgodiwo m'zaka za m'ma 1870. Mu 1885 analembera kalata Thomas Wardle, mnzake wa ntchito yonyika nsalu, yonena kuti madokotala angogwidwa ndi mantha onga a anthu osaka mfiti. Mu 2003 wasayansi Andrew Meharg anapima chidutswa chakale cha pepala la Morris lotchedwa Trellis n'kupezamo utoto wa mkuwa ndi aseniki. Kalatayo ikutiuza zimene Morris ankakhulupirira, pepalalo likutiuza zimene kampani yake inkagulitsa poyamba, ndipo mbiri ya mgodi ikutithandiza kumvetsa chifukwa chimene nkhaniyi inali yovuta kwa iye kuivomereza. Kampaniyo inadzasiya utoto wa aseniki. Ku Britain lamulo loletsa mapepala oterewa silinakhazikitsidwe. Lamulo la mu 1851 linkakhudza kagulitsidwe ka ufa wa aseniki m'masitolo basi, ndipo chimene chinathetsa malondawa ndi ogula amene anayamba kukana.

Tifike kwa Napoleon. Anamwalira pa 5 May 1821 m'nyumba ya Longwood pachilumba cha St Helena. Madokotala amene anang'amba thupi lake anapeza chilonda chachikulu m'mimba, ndipo zimene analemba zikugwirizana ndi khansa ya m'mimba. Mu 1961 dokotala wa mano wa ku Sweden, Sten Forshufvud, mothandizana ndi Hamilton Smith wa ku Glasgow, anapima tsitsi la Napoleon n'kupeza aseniki wochuluka kwambiri, ndipo anati anachita kuthiridwa poizoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 David Jones wa ku Newcastle anapeza kachidutswa ka pepala lochokera pakhoma la nyumba ya Longwood, ndipo kitapimidwa ndi X-ray kanapezeka ndi aseniki. Nyumbayo inali yachinyontho. Zinkadziwika kale, kuchokera pa kafukufuku wa Bartolomeo Gosio wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1890, kuti chuku chikamera pa utoto wa aseniki chimatulutsa mpweya wonunkha ngati adyo, umene Frederick Challenger wa ku Leeds anauzindikira mu 1933 kuti ndi trimethylarsine. Zonse zinkaoneka kuti zalumikizana: khoma lobiriwira, chinyontho, chuku, mpweya, tsitsi lodzaza aseniki.

Chinkasowa ndi choyerekezera. Tikati aseniki ndi wochuluka, tikuyerekeza ndi wa ndani? Anthu ankayerekeza tsitsi la Napoleon ndi la anthu a masiku ano. Mu 2008 asayansi a ku Italy, pogwiritsa ntchito makina a nyukiliya a ku Pavia, anapima tsitsi lake la nthawi zosiyanasiyana: ali mwana ku Corsica, ali pachilumba cha Elba, ndiponso la ku St Helena. Anapimanso la mkazi wake woyamba Joséphine ndi la mwana wake wamwamuna. Tsitsi lonselo linali ndi aseniki wochuluka pafupifupi maulendo 100 kuposa wa munthu wa lero, ndipo la ku St Helena silinasiyane kwenikweni ndi la paubwana. Choncho aseniki wa m'tsitsi lake sankasonyeza chinthu chapadera chimene chinamuchitikira pachilumbacho. Pa zonsezi onjezanipo kuti tsitsi limatha kuyamwa aseniki wochokera kunja, ngakhale litametedwa kale. Mpweya wa Gosio nawonso unaunikidwanso. Mu 2005 William Cullen ndi Ronald Bentley anasonkhanitsa umboni wosonyeza kuti trimethylarsine si woopsa monga anthu ankaganizira. Masiku ano ambiri a ife timaona kuti chimene chinkadwalitsa anthu m'zipinda zobiriwira chinali fumbi la utoto lochoka pakhoma, limene ankalipuma ndi kulimeza. Pepala la ku Longwood linalidi ndi aseniki, koma umboni wolemera ukuloza ku matenda a m'mimba.

Ine nkhani ya Napoleon imandidetsa nkhawa pa chifukwa china. Tsitsi la mfumu linasungidwa m'timabokosi, likupimidwa mobwerezabwereza, mabuku akulembedwa. Atsikana opanga maluwa, amuna opera utoto, ana othandiza kusindikiza mapepala, ogwira ntchito m'ng'anjo za ku Devon amene ankapala aseniki m'michumuni atatseka mphuno ndi thonje, amenewo ndi amene anavulala kwambiri, koma anasiya zinthu zochepa zoti tipime. Zimene zimatsala kwa zaka 150 nthawi zambiri ndi za anthu olemera: diresi lovala kamodzi kuphwando, buku la mphatso losawerengedwa kawirikawiri. Chovala cha wantchito chinkavalidwa mpaka kutha. Wofufuza wosamala amakumbukira zimenezi nthawi zonse, ndipo akagwira diresi lobiriwira amafunsanso za manja amene analisoka. N'chifukwa chake mayina ochepa onga la Matilda Scheurer, amene anatsalira m'malipoti a bwalo, timawasunga mosamala kwambiri.

Tibwerere ku mabuku anu awiriwo. Yambani mwaona chaka chimene anasindikizidwa. Ngati ndi a m'zaka za m'ma 1900, mwayi woti akhale ndi emerald green ndi wochepa kwambiri. Ngati ndi a pakati pa 1840 ndi 1870, chikuto chake ndi chansalu, ndipo kubiriwira kwake n'kowala kwambiri, muwasamale ngati ali ndi aseniki mpaka atapimidwa. Onaninso m'mphepete mwa masamba, mapepala omata m'kati mwa chikuto ndi timapepala ta dzina la buku, chifukwa utotowu umapezekanso m'malo amenewo. Maso okha sangakupatseni yankho lomaliza. Mndandanda wa Poison Book Project uli pa intaneti ndipo mukhoza kufufuzamo dzina la buku lanu, koma dziwani kuti buku limodzi linkatuluka ndi zikuto za mitundu ingapo, choncho kusapezeka kwake pamndandanda sikutanthauza kuti lanulo n'labwinobwino.

Kugwira buku lotere kamodzi n'kusamba m'manja si chinthu chodzidzimuka nacho. Choopsa ndi kuligwiragwira kwa nthawi yaitali, kunyowetsa chala ndi malovu potsegula masamba, kudya mukuwerenga, kapena mwana kuluma chikuto. Lililonse muliike m'thumba la pulasitiki lotseka bwino ndi kulembapo chenjezo, kenako mulisunge pamalo ouma pamene ana ndi ziweto sizifika. Mukafuna kuliwerenga valani magolovesi a nitrile, onga a kuchipatala aja, osati ansalu, chifukwa ansalu amakokolola utoto n'kuusunga. Litsegulireni patebulo losalala, ndipo mukamaliza pukutani tebulolo ndi kansalu konyowa koti mutaye. Musapale chikuto pofuna kupima nokha, musachitsuke, ndipo koposa zonse musaliotche, chifukwa moto umasandutsa aseniki kukhala utsi woopsa kuposa bukulo. Ngati mukufuna yankho lenileni, funsani kunyumba yosungiramo zinthu zakale kapena kuyunivesite imene ili ndi dipatimenti ya makemikolo kapena ya miyala, poti ofufuza miyala ya m'migodi amagwiritsa ntchito XRF yogwira m'manja kawirikawiri. Kupimako kumatenga mphindi zochepa. Mukawapempha, muwauze kuti utotowo ukhoza kukhala ndi mtovu, kuti ayang'anenso chizindikiro chachiwiri chija ndi kuona ngati mkuwa ulipo limodzi ndi aseniki.